Malasha atha, koma gasi akadalipo

A mlembi, mwalemba kuti dziko la Britain lasiyana nawo mafuta okumbidwa pansi popanga magetsi. Apa mwathamanga pang'ono. Chimene chatha ndi malasha okha, pomwe adatseka siteshoni yomaliza yopanga magetsi ndi malasha ya Ratcliffe-on-Soar pa 30 Sepitembala 2024. Ine ndimakhala ku Nottingham, ndipo sitima yopita ku London imadutsa m'mphepete mwenimweni mwa nsanja zisanu ndi zitatu zoziziritsira madzi za siteshoniyo. Kale zinkafuka nthunzi usana ndi usiku, lero zangoti zii. Ndimanyadira ndithu ndikaziona, poti mu 2012 pafupifupi 40 pa 100 ya magetsi a kuno inkachokera ku malasha.

Koma gasi bwanji simunamutchule? Masiku ozizira opanda mphepo, makina oyendera mphepo akangoti duu, amene amayatsa nyumba zathu ndi gasi. Mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine itakweza mtengo wake, tidaziona tokha. Kwathu tinkakhala pabalaza titavala majekete, ana atafunda bulangeti, kuopa kuti ndalama za mu mita zingathe mwezi usanafike pakati. Chonde konzani mutu wa nkhaniyi.