Yerusalemu tsiku limodzi? Kumeneko n'kubera anthu

Pepala la ulendo wa ku Israel limene likuzungulira pa WhatsApp sabata ino landipsetsa mtima. Masiku 8, ndalama zankhaninkhani, koma Yerusalemu amupatsa tsiku limodzi lokha. Limodzi! Ndipo tsikulo ndi Loweruka. Pa tsiku limenelo alembapo Phiri la Azitona, Getsemane, thamanda la Betesda, Njira ya Mtanda, tchalitchi cha Manda Oyera, Khoma la Kumadzulo (pamene Ayuda amapempherera), ngalande ya Hezekiya, Garden Tomb (munda umene ena amati ndimo muli manda a Yesu), kenako akuti madzulo Betelehemu. Kaya wolembayo sanapondeko, kaya akudziwa bwino koma akufuna anthu angolipira, zonsezo n'zonyansa. Pali amayi amene asonkha zaka kuti akagwade pa Gologota. Pali abambo amene agulitsa ng'ombe. Inu n'kukawathamangitsa ngati mbuzi za kumsika?

Yerusalemu sathamangira, abale anga. Sathamangira.

Chimene chimapusitsa anthu ndi mapu. Mzinda wakale, umene uli mkati mwa linga lija anamanga Suleiman, mfumu ya Aturuki, pakati pa 1537 ndi 1541, sukwana n'komwe sikweya kilomita imodzi. Munthu akaona pa foni amati tiuzungulira dzuwa lisanafike pamutu. Koma basi silowa m'tinjira timeneto. Mumatsika panja pa chipata, n'kuyamba wapansi pa miyala yosalala chifukwa cha mapazi a zaka mazanamazana, masitepe okhaokha, kukwera ndi kutsika, m'mbali monse muli mashopu ndi zingolo za katundu. Gulu la anthu 40, ena a ndodo, ena a shuga, ena a maondo otupa, limayenda pa liwiro la agogo amene ali kumbuyo kwenikweni. Liwiro la wotsogolera silikhala ndi ntchito.

Tiwerenge maola, poti ena amakhulupirira manambala. Mwafika pamwamba pa Phiri la Azitona 8 koloko m'mawa. Kamsewu kotsikira ku Getsemane n'kotsetsereka kwambiri, moti okalamba amafunika wowagwira dzanja. Pakati mumaima pa Dominus Flevit, katchalitchi ka 1955 kooneka ngati dontho la msozi, pamene amakumbukira Yesu akulirira mzinda. Pa zenera la kuseri kwa guwa mzinda wonse umaoneka, ndipo munthu amafuna atsegule Luka 19 awerenge pang'onopang'ono. Pansi pali munda wa mitengo yakale ya azitona ndi Church of All Nations, ya 1924, imene mkati mwake muli mdima mwadala ndi thanthwe patsogolo pa guwa. Mukatuluka mmenemo 11 koloko yakwana kale. Ndiye apa pali chimene pepala lija silinena: matchalitchi ambiri a kumeneko amatseka zitseko cha m'ma 12 n'kudzatsegulanso cha m'ma 2 masana. Mukawoloka chigwa cha Kidroni n'kukwera mtunda wopita ku chipata cha Lions' Gate mochedwa, mukapeza pa tchalitchi cha St Anne, pamene pali thamanda la Betesda la mu Yohane 5, atseka. Mudikira maola awiri pa dzuwa, kapena mudumpha. Olondolera ambiri amadumpha, n'kuloza chitseko ndi chala kuti thamanda lili mkatimo. Munthu walipira ndege kuti akaone chitseko?

Njira ya Mtanda, imene kumeneko amaitchula Via Dolorosa, ndi ya mamita pafupifupi 600 okha. Malo oimapo ndi 14. Mwa amenewa 9 ali m'njira, 5 ali mkati mwa tchalitchi cha Manda Oyera. Zizindikiro zake n'zazing'ono, tizitsulo tozungulira tokhomedwa pa khoma, ndipo wothamanga amadutsa osaziona. Njirayo imapyola mu msika weniweni. Gulu lopanda timawailesi ta m'khutu, amene amamva wolondolera ndi anthu asanu apatsogolo, otsalawo amangotsatira mbendera. Lachisanu masana ansembe a Chifransisko amatsogolera Njira ya Mtanda m'njira yomweyo, aliyense n'kololedwa kulowa nawo, kwaulere. Ulendo wokonzedwa ndi munthu wamutu umaonetsetsa kuti Lachisanu likupezeni mu Yerusalemu. Uwu ukufikitsani Loweruka, zitatha.

Nanga Manda Oyerawo? Tchalitchi choyamba pamalopo chinapatulidwa mu 335, m'nthawi ya Constantine, mfumu ya Aroma. Mukangolowa, kudzanja lamanja kuli masitepe aatali, opanikiza, okwera ku Gologota, kumene anthu amagwada mmodzimmodzi pansi pa guwa n'kupisa dzanja pa bowo kuti akhudze thanthwe. Umenewo ndi mzere woyamba. Wachiwiri, wautali zedi, ndi wa kanyumba ka manda kamene anakakonzanso mu 2016 ndi 2017. M'chipinda chamkati mumalowa anthu atatu kapena anayi basi, kwa kamphindi, wansembe wa pakhomo n'kuyamba kukutulutsani. Masana, nyengo ya alendo ambiri, mzerewo umadya ola limodzi kapena awiri. Komanso tchalitchicho amagawana Agiriki a Orthodox, Akatolika, Aarmenia, Akoputiki, Aitiyopiya ndi Asiriya, aliyense ndi nthawi yake ya mapemphero, moti nthawi zina mzere umaimitsidwa kuti mdipiti udutse. Njira yake ndi imodzi: kulawira. Chitseko chimatsegulidwa m'bandakucha, ndipo wofika nthawi imeneyo amapeza bata, nyali zikuyaka, mzere waufupi. Koma kulawira kumatheka kwa munthu amene wagona mu Yerusalemu, osati amene basi yamunyamula ku Tiberias, ku Galileya, usiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano za Loweruka lija. Kuyambira Lachisanu dzuwa likamalowa mpaka Loweruka usiku ndi Sabata la Ayuda. Mabasi a kumbali ya Ayuda ndi sitima ya m'tauni zimaima, mashopu awo amatseka. Ku Khoma la Kumadzulo mukhoza kufika, amuna mbali yawo, akazi mbali yawo, koma tsikulo salola kujambula. City of David, malo a mabwinja kunja kwa linga, kumene kuli ngalande ya Hezekiya, Loweruka satsegula n'komwe. Ndiye chalembedwa bwanji pa pepalapo? Ngakhale litakhala Lachiwiri, ngalandeyo si yongosuzumira. Ndi mamita 533 mkati mwa thanthwe, mdima wa ndiweyani, njira yopanikiza moti mapewa amakhula m'mbali, madzi ozizira ofika m'maondo, pena kupitirira. Pamafunika tochi, nsapato zolowa nazo m'madzi ndi chovala chosinthira. Kuyenda kwake ndi mphindi ngati 40 mpaka kukatulukira kufupi ndi thamanda la Siloamu. Woopa malo opanikiza pali ngalande ina youma, yaifupi. Pepala lija lanenapo za tochi? Lanenapo za nsapato? Ayi, langolemba dzina kuti mndandanda utalike.

Malo apamwamba pa phiri la kachisi, pamene pali Dome of the Rock ndi Al-Aqsa, nyumba zopatulika za Asilamu, amene si Asilamu salowa Lachisanu ndi Loweruka. Masiku ena amalowera chipata chimodzi chokha, pa maola owerengeka, ndipo Baibulo salola kulowa nalo. Kufika Lamulungu nakonso kuli ndi vuto lake, chifukwa Garden Tomb tsikulo salandira alendo oona malo, ndipo gulu lofuna Mgonero wa Ambuye m'mundamo limayenera kusungitsa malo pasadakhale. Tsiku lililonse lili ndi chitseko chake chotseka. N'chifukwa chake masiku atatu athunthu ndiwo ochepetsetsa: limodzi Phiri la Azitona, Getsemane ndi Phiri la Ziyoni, lina mkati mwa linga kuyambira m'bandakucha, lachitatu City of David, Khoma ndi Garden Tomb. Betelehemu apatsidwe theka lake la tsiku. Ali makilomita ngati 10 okha, inde, koma pali chipata cha asilikali, pasipoti m'manja, ndiponso mzere wina wotsikira ku phanga la kubadwa kwa Yesu. Kumuika madzulo, anthu miyendo italema, n'chipongwe.

Mudzamva akuti mahotela a mu Yerusalemu ndi odula. Adule, ndiye muwauze anthu zoona asanapereke ndalama.

Abusa, a tcheya, amayi a chigwirizano, musanasainire ulendo uliwonse funsani kuti mugona masiku angati mu Yerusalemu mwenimwenimo, ndipo ndi masiku ati a sabata. Funsani dzina la hotela ndi mtunda wake kukafika ku linga. Akayamba kuzungulira, bwezani pepala. Kuthamanga si kufika.

Chondiwawa china n'chakuti pa pepala lomwelo, pamene Gologota ampatsa mphindi 30, shopu ya zikumbutso aipatsa maola awiri. Basi imakaima pa shopu imodzi yokha, zitseko n'kutseka, anthu n'kumagula timitanda ta mtengo wa azitona ndi timabotolo ta mafuta pa mtengo wokwera kuposa wa mumsika wa mkati mwa linga, chifukwa wina ali ndi kagawo kake pa chilichonse chogulidwa. Nthawi ya Betesda ilibe, koma ya shopu ilipo. Ndipo ku Yorodano musawanamize anthu kuti Yardenit ndi pamene Yesu anabatizidwira. Malo amenewo anatsegulidwa mu 1981, kufupi ndi nyanja ya Galileya. Malo amene Akhristu akhala akuwakumbukira kuyambira kale ali kumunsi, kufupi ndi Yeriko.