Ntchito zilipo mumzinda, koma ndani angazifikire?

Chaka chilichonse mabanki, mayunivesite ndi mabungwe a amalonda amatulutsa malipoti olosera za chuma cha mizinda ikuluikulu pamodzi ndi madera oizungulira, ndipo kawirikawiri amanena zinthu zofanana: kuti ntchito zatsopano zidzachuluka motani, malipiro adzakwera bwanji, komanso makampani ati amene akuganiza zobwera. Maganizo anga ndi akuti malipoti amenewa amalumpha funso limene munthu wamba amagona nalo, loti kodi ntchito zimene zikunenedwazo iyeyo angazifikire. Ntchito imene ili kutali moti ndalama zoyendera zikudya gawo lalikulu la malipiro, kapena imene ikufuna luso limene munthu sanapatsidwe mpata woliphunzira, imangokongoletsa lipoti. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Tiyambe ndi chiwerengero cha ulova, chimene anthu ambiri amachikhulupirira osadziwa mmene chimapezekera. Malinga ndi ndondomeko ya bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, munthu amene wagwira ntchito yolipidwa ngakhale kwa ola limodzi lokha pa sabata ya kafukufuku amawerengedwa kuti ali pa ntchito. Kuti awerengedwe ngati lova, ayenera kukhala kuti alibe ntchito, ndi wokonzeka kuyamba, ndiponso wakhala akuifunafuna posachedwapa. Tsono amene anatopa ndi kulemba makalata, kapena amene alibenso ndalama zokwerera basi kupita kumene kuli maofesi, amachoka m'gulu la malova ngakhale kuti kunyumba kwake sikunasinthe kanthu. N'chifukwa chake nthambi yoona za ziwerengero ku South Africa imatulutsa manambala awiri. Mu 2024 ulova wowerengedwa m'njira ya masiku onse unali pakati pa 31.9 ndi 33.5 peresenti, pamene wowerengera ndi anthu otaya mtimawo unali pafupifupi 42 peresenti.

Johannesburg ndi chitsanzo chowawa cha nkhani imeneyi. Chigawo cha Gauteng, kumene kuli mzindawu pamodzi ndi Pretoria, chimatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chonse cha dzikolo, choncho palibe anganene kuti kumeneko kulibe ntchito. Koma boma la tsankho linaika dala anthu akuda m'madera akutali monga Soweto, ndipo pamene makampani ambiri anachoka pakati pa mzinda n'kusamukira kumpoto ku Sandton, mtunda unangowonjezereka. Sitima yamakono ya Gautrain, imene inayamba kuyenda mu 2010, imalumikiza bwalo la ndege la OR Tambo, Sandton ndi Pretoria, koma ku Soweto sifikako. Mabasi a Rea Vaya anayamba mu 2009 ndipo anathandizako, komabe anthu ochuluka amadalira maminibasi, ena kukwera awiri kapena atatu asanafike kuntchito. Mayi woyeretsa m'maofesi amene amadzuka kusanache, n'kuima pamzere wa minibasi yoyamba, kenako ya chiwiri, amawononga maola angapo tsiku lililonse amene palibe amamulipira, ndipo maola amenewo sapezeka m'lipoti lililonse la zachuma.

Nkhani ya Detroit ku America anthu amakonda kuifotokoza ngati ya mzinda umene unafa chifukwa chodalira mafakitale a magalimoto okha. Zimenezo n'zoona mbali ina. Mu 1950 mumzindawu munali anthu opitirira 1.8 miliyoni, pofika 2020 anatsala pafupifupi 639,000, ndipo mu 2013 khonsolo yake inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole za madola pafupifupi 18 biliyoni. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti dera lonse la Detroit, kuphatikiza matauni ozungulira, linali ndi anthu oposa 4 miliyoni m'chaka chomwecho cha 2020. Ntchito zambiri sizinathe, zinangosamukira kunja kwa malire a mzinda, ku Warren, Auburn Hills ndi madera ena, n'kutenga misonkho yake. Otsala mkati anali makamaka osauka, ambiri opanda galimoto, m'dera limene linamangidwa poganiza kuti aliyense ali ndi galimoto. Wowerenga ziwerengero za dera lonse akanati zinthu sizinaipe kwenikweni, pamene m'makwalala ena nyumba zinali mabwinja.

Mtunda wina ndi wa luso, ndipo umenewu ndi wovuta kuuona. Pittsburgh, mzinda wina wa ku America, amaitamanda kuti inadzuka mafakitale a zitsulo atatsekedwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo ndithudi yunivesite ya Carnegie Mellon, imene inatsegula nthambi yofufuza za maloboti mu 1979, pamodzi ndi yunivesite ya Pittsburgh ndi zipatala zake, zinabweretsa ntchito za malipiro abwino. Koma ine sindivomereza kuti tizinena kuti anthu anapulumuka, chifukwa bambo wa zaka 50 amene anachotsedwa pamene fakitale ya zitsulo ya Homestead, pafupi ndi mzindawu, inatsekedwa mu 1986 sanasanduke katswiri wa makompyuta. Ana ake ambiri anasamukira kwina, ndipo ntchito zatsopanozo anazitenga anthu ena. Tauni ya Braddock, imene ili pafupi pomwepo, inali ndi anthu pafupifupi 20,000 mu 1920, koma mu 2020 sanakwane 2,000.

Pali amene amati intaneti yathetsa vuto la mtunda popeza munthu angathe kugwira ntchito ali kunyumba. Mwayi umenewu ndi wa olemba mapulogalamu, owerengera ndalama ndi ena okhala pa kompyuta. Namwino, mlonda, woyendetsa basi ndi mmisiri womanga ayenera kupezeka pamalo. Mumzinda wa San Francisco ku America, mliri wa Covid-19 utadutsa, malo oposa 30 peresenti a m'maofesi anali opanda anthu pofika 2023, ndipo oyamba kumva kuwawa anali ophika, oyeretsa ndi ogulitsa amene ankadalira khamu la m'maofesimo. Ndiponso m'mizinda yotere lendi imakwera kwambiri pafupi ndi ntchito zabwino, motero olandira zochepa amakankhidwira kunja, kumene basi imafika mwa apo ndi apo.

Ndikadakhala m'gulu lolemba malipotiwa, ndikadaika patsamba loyamba nambala imodzi: ntchito zingati zimene munthu wokhala m'dera losauka angazifikire pa ola limodzi atakwera basi kapena sitima, ndipo mwa zimenezo ndi zingati zimene zikugwirizana ndi maphunziro ake. Nambala imeneyi ingakakamize akuluakulu kukambirana za nyumba zotsika mtengo pafupi ndi malo antchito, za njira za mabasi, ndi za sukulu zaumisiri zogwira ntchito limodzi ndi makampani monga zimakhalira ku Germany, kumene wophunzira amagawa nthawi yake pakati pa kalasi ndi fakitale uku akulandira kangachepe.

Chovuta n'chakuti dera limodzi lazachuma limakhala pansi pa makhonsolo ambiri, iliyonse yoteteza misonkho yake, ndipo okhala m'matauni olemera safuna kulipirira basi imene iwo sakwera. Mu Novembala 2016 anthu a m'maboma anayi a dera la Detroit anavotera msonkho wapadera woti ulipirire mabasi olumikiza mzinda ndi matauni ozungulira. Maganizowo anagwa, ngakhale kuti kusiyana kwa mavoti kunali kochepa kwambiri, ndipo amene anakana kwambiri anali a boma la Macomb, kumene kuli Warren ndi mafakitale ake.