Lamulo la Rooney lili ndi chofooka chachikulu

Lamulo la Rooney palokha silingathetse tsankho limene akuda amakumana nalo pofuna ntchito ya ukochi mu mpira wa ku England. EFL, bungwe loyendetsa maligi atatu a pansi pa Premier League, inalikhazikitsa mu 2019, kuti timu ikamayesa anthu ofuna ukochi, pakhale mmodzi wakuda kapena wa mtundu wina wochepa. Koma limagwira ntchito pokhapokha ngati mayesowo achitikadi. Kochi akachotsedwa pakati pa sizoni, eni timu amangoimbira foni munthu amene akumudziwa kale, mawa lake wasaina, lamulo osaphwanyidwa. Apa m'pamene akuda amatsalira, ngakhale UEFA Pro Licence, satifiketi yapamwamba kwambiri ya ukochi ku Ulaya, ili m'manja.

Akalowanso sapatsidwa nthawi. Darren Moore, kochi wakuda, anachotsedwa ku West Brom mu 2019 timu ili pa nambala 4 mu Championship, ligi yachiwiri ku England, zomwe zimandiwawabe. Matimu azikakamizidwa kulengeza ntchito iliyonse ya ukochi, kuyambira ku akademe, ndi kunena anthu angati akuda anayesedwa.