Monita yobiriwira ija siinafe, mukuipatsa waya olakwika

Awa ndi maganizo anga chabe koma inu amene muli ndi Commodore 64 m'nyumba, kaya inali ya atate anu kaya munaipeza kwa achibale, lekani kuthamangira tima bokosi ta HDMI tolumikizira ku TV ya fulati. Kompyuta imeneyi ndi ya 1982, ndipo pa zilembo monita yakale ya mtundu umodzi, yobiriwira kapena ya amber, imaposa TV ya fulati kutali.

Chimandiwawa n'choti munthu amabaya waya wa composite, wayelo uja, aona zilembo zatuwa ndi timadontho tikuyendayenda m'mphepete ngati nyerere pa shuga, basi ati monita yatha itayidwe. Iyayi mwandini. Composite imatenga kuwala ndi mitundu pa waya umodzi, mitunduyo imayenda pa 4.43 MHz pa makina a PAL (dongosolo la mitundu ya TV la ku Ulaya), manje monita yopanda mitundu siidziwa chochita nayo, imangoijambula monga madontho.

Yang'anani kumbuyo kwa kompyuta, pali soketi yozungulira ya DIN, mapini 8, zoyambirira zinali ndi 5. Pini 4 ndiye composite, isiyeni. Pini 1 ndi luma, kuwala kokhakokha ndi sync yake yokhazikitsa chithunzi, pini 2 ndi graundi. Mawaya awiri chabe amenewo apite ku pulagi ya RCA yobaya ku monita, ngati ya wayelo uja, olo anyamata okonza mawailesi ku Kapata angakuwotchereni ndi soda mukudikira pompo. Mukayatsa muone mawu aja oti READY pa skrini mmene akhalira, chilembo chilichonse chakuthwa, mizere 25 yonse kuwerenga osatsinzina. Sound yokha muitengere pa pini 3 kupita ku ka spika chifukwa mamonita ambiri otere alibe.

Koma sikuti monita iliyonse yobiriwira ilola. Za IBM PC zija, monga 5151 ya pulagi ya mapini 9, zimafuna siginolo ina yotchedwa TTL pa 18.4 kHz pomwe Commodore imatulutsa pafupifupi 15.6 kHz, musakakamize. Muwerengenso ka pepala ka kumbuyo, ngati palembedwa 110V ndi ya ku America, magetsi athu ndi 230V, ipsa pompo popanda transifoma.

Chithunzi chikamagudubuzika pindani ka batani kolembedwa V-hold pa monita pang'onopang'ono. Koma chonde abale kutsegula chikwama cha monita ayi, chubu chija chimasunga magetsi oopsa olo mwazula pa khoma, zimenezo asiyireni odziwa.