Ndodo zofanana, matumba osiyana: hurling ya ku Ireland ndi shinty ya ku Scotland

Kingussie ndi Newtonmore ndi midzi iwiri ya kumapiri a kumpoto kwa Scotland, yotalikirana makilomita 5 okha. Anthu ake onse mutawaphatikiza sakwana 3,000. Komatu chikho chachikulu cha masewera a shinty, Camanachd Cup, chomwe anayamba kulimbirana mu 1896, chapita kumidzi iwiriyi koposa ka 50. Kutsidya kwa nyanja, ku Dublin, ndime yomaliza ya hurling imadzaza bwalo la Croke Park lomwe limalowa anthu 82,300. Masewera awiriwa ndi apachibale, onse ndi a mtundu wa Agaeli, anthu akale a ku Ireland ndi kumapiri a Scotland, koma wina akudya bwino pamene mnzake akungopulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Ambiri amati vuto ndi boma la Scotland lomwe likuumira. Ine ndikuvomereza kuti likuumira, koma sindikuvomereza kuti likangotengera zochita za boma la Ireland ndiye kuti shinty yachira.

Kwa amene simunawaonepo: onsewa amaseweredwa ndi ndodo ndi kampira kolimba kachikopa. Ndodo ya hurling ndi yophwatalala kumapeto, osewera amakhala 15 mbali iliyonse, ndipo amaloledwa kuwakha mpira ndi dzanja. Ya shinty ndi yokhota, osewera ndi 12, mpira umayenda kwambiri pansi, ndipo wapagolo yekha ndiye angautchinge ndi dzanja. Chibale chawo n'chapafupi moti kuyambira mu 1897, pamene Glasgow Cowal inakumana ndi Dublin Celtic, magulu a mbali ziwirizi akhala akusewera pa malamulo osakaniza. Mbali zonse osewera salandira malipiro. Lolemba m'mawa katswiri uja amabwerera kukalasi, kumunda kapena kokamanga nyumba.

Kusiyana kunayambira pa chifukwa chimene mabungwe awo anabadwira. GAA, bungwe loyendetsa hurling ndi masewera ena a Agaeli ku Ireland, inakhazikitsidwa pa 1 November 1884 mu hotela ya Hayes m'tauni ya Thurles, ndipo Michael Cusack ndi anzake omwe anaiyambitsa ankafuna kuti Mwairishi adziwe kuti si Mngelezi. Kusewera hurling kunasanduka njira yokanira ulamuliro wa Britain. Mpaka mu 1971 membala wa GAA sankaloledwa kusewera kapena kukaonerera mpira wamiyendo, rugby, cricket ndi hockey. Pa 21 November 1920 asilikali ndi apolisi a Britain anaombera khamu mu Croke Park, anthu 14 n'kufa. Bwalo limene munakhetsedwa magazi a anthu ako sulisiya kuti ligwe. Camanachd Association, bungwe la shinty, inabwera mu 1893 ku Kingussie ndi cholinga chochepa: kugwirizanitsa malamulo, poti chigwa chilichonse chinali ndi kaseweredwe kake. Inabadwira m'dera lomwe eni malo anali atathamangitsa kale mabanja ambiri kuti aweterepo nkhosa. Shinty sinakhalepo mbendera ya dziko lonse la Scotland. Udindo umenewo unagwera mpira wamiyendo.

Chinthu chimene GAA inachita mwanzeru, ndipo chimandigwira mtima, ndi kugula malo. Gulu limamangidwa pa parishi, mwana amasewerera kwawo komwe anabadwira, ndipo bwalo limalembedwa m'dzina la bungwe. Anthu ankasonkha okha, kuchititsa maere, kukumba ngalande ndi manja awo. Lero pachilumba cha Ireland pali magulu a GAA ochuluka kwambiri, ambiri ali ndi bwalo lawolawo. Choncho boma likatulutsa ndalama zokonzera malo amasewera, pamakhala kale mwini malo wokonzeka kupempha. Mu 2024 boma la Ireland linagawa mayuro 230 miliyoni ku magulu a m'madera, ndipo gawo lalikulu kuposa onse linapita ku masewera a Agaeli. Sikuti ndi kukondera chabe. Ndalama imapita kumene kuli mapepala a malo.

Pamwamba pa izo pali zikuluzikulu. Boma linathirapo ndalama zambiri pomanganso Croke Park, linapereka mayuro 30 miliyoni pa bwalo la Páirc Uí Chaoimh ku Cork lomwe linatsegulidwanso mu 2017, ndipo mu 2024 linalonjeza mayuro 50 miliyoni pa bwalo la Casement Park ku Belfast, mzinda umene uli mu ulamuliro wa dziko lina. Kuyambira mu 2008 osewera oimira zigawo amalandira kangachepe kuchokera ku boma, ndipo mu 2021 amayi anayamba kulandira mofanana ndi abambo. Palinso anthu achuma ngati JP McManus wa ku Limerick, yemwe mu 2023 anapereka mayuro 1 miliyoni ku chigawo chilichonse mwa zigawo 32.

Ku Scotland nkhani yake ndi yaifupi. Camanachd Association imalandira thandizo kudzera ku sportscotland, bungwe logawa ndalama za boma ndi za lotale, ndipo pachaka sizifika ngakhale pafupi ndi paundi 1 miliyoni. Zotsalazo zimachokera ku makampani: Mowi, yoweta nsomba za salmon, imathandiza ligi, ndipo Tulloch Homes, yomanga nyumba, yakhala ikuthandiza chikho. Kanema wa Chigaeli, BBC Alba, yemwe anayamba mu 2008, amaonetsa masewera ena. Bwalo la Bught Park ku Inverness linakonzedwa ndi ndalama za boma la Britain ku London. Zabwino ndithu, koma masewera a mtundu wa anthu kudalira kampani imodzi ya nsomba, yomwe likulu lake lili ku Norway, n'zosagonetsa tulo.

Tsono funso langa ndi lakuti, ndalama zonse za ku Ireland zija zagula chiyani? Zagula mabwalo okongola ndi ndime zomaliza zodzaza khamu. Sizinafalitse hurling. Mwa zigawo, Kilkenny yatenga ukatswiri wa dziko ka 36, Cork ka 30, ndipo Tipperary inafika pa 29 mu 2025. Limerick inatenga kanayi motsatizana kuyambira 2020 mpaka 2023. Mukakwera kumpoto kwa mzere wochokera ku Galway kukafika ku Dublin, hurling imachepa mphamvu, kupatula m'zigwa za Antrim ndi malo ena owerengeka. Mu 2023 mkati mwa GAA momwemo munatuluka ganizo lochotsa zigawo za Cavan, Fermanagh, Leitrim, Longford ndi Louth mu ligi ya hurling chifukwa magulu awo ndi ochepa. Anthu anakwiya, ganizolo linagwa, koma linaulula poyera kuti patatha zaka pafupifupi 140 zigawo zina zikadali ndi magulu owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Ku Cork, bwalo latsopano lija linadya ndalama kuposa zimene anakonza ndipo linasiya ngongole imene chigawocho chikusenzabe. Nayonso ndodo yeniyeniyo ili pamavuto: matenda opha mitengo ya ash, imene amasemera ndodozi, anapezeka mu Ireland mu 2012, ndipo osema ena, monga a Torpey ku Clare, ayamba kupanga ndodo za nsungwi.

Chimene chikudwalitsa shinty ndi kusowa kwa anthu. Kuti gulu lisewere pamafunika anthu 12 Loweruka lililonse kuyambira March mpaka October, ndiponso ena a gulu lachiwiri, ndiponso ana. Achinyamata a m'zigwa akamaliza sukulu amapita ku Glasgow, Edinburgh kapena Aberdeen. Ofuna kubwerera amapeza kuti nyumba zagulidwa ndi anthu obwera patchuthi kapena zasanduka zogona alendo, makamaka pachilumba cha Skye, chomwe gulu lake linatenga Camanachd Cup mu 1990. Sukulu ya pamudzi ikatsala ndi ana ochepa imatsekedwa, ndipo pakapita zaka khumi gulu la akuluakulu limauma. Anyamata a Lewis Camanachd, gulu la pachilumba cha Lewis, amakwera sitima ya panyanja kuchokera ku Stornoway kupita ku Ullapool, ulendo wa maola awiri ndi theka, kenako galimoto, kuti akangosewera mpira umodzi. Kumanga bwalo la anthu 20,000 ku Inverness sikungachotse ngakhale limodzi mwa mavuto amenewa. Ndalama ya boma imene ingatalikitse moyo wa shinty yambiri ili ku nthambi ya nyumba, ya maphunziro ndi ya maulendo. Nyumba khumi za lendi yotsika zoperekedwa kwa mabanja ogwira ntchito m'chigwa zingachite zambiri kuposa chikho chatsopano.

Ena akuyang'ana ku UNESCO. Hurling ndi camogie, womwe ndi mtundu wake wa amayi, zinalowa pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu mu 2018, mndandanda womwewo umene pali Gule Wamkulu wathu. Britain inavomereza pangano la UNESCO lokhudza mndandandawo mochedwa, mu 2024, ndiye shinty inalibe pololera. Ulemuwo ndi woyenera, ndipo ndingakondwere nawo, koma dzina pa mndandanda sililipira tikiti ya sitima.

Zimene ndingatenge ku Ireland ndi ziwiri. Choyamba ndi sukulu: kumeneko aphunzitsi a pulaimale ali ndi bungwe lawo, Cumann na mBunscol, lomwe limaika ndodo m'manja mwa mwana asanadziwe n'komwe kuwerenga bwino. Shinty ya amayi, yomwe bungwe lake linayamba mu 2001, yaonetsa kale kuti osewera atsopano amapezeka ukawatsegulira khomo. Chachiwiri ndi malo. Mabwalo otchuka ngati Mossfield ku Oban ndi Bught Park ndi a makhonsolo, ndipo khonsolo ikapanikizika pa bajeti, kutchetcha kapinga ndi kukonza ngalande ndiye zimayamba kudulidwa. Scotland ili kale ndi lamulo la 2015, Community Empowerment Act, lolola magulu a m'madera kupempha kuti malo a boma aperekedwe m'manja mwawo. Magulu ang'onoang'ono a shinty akufunika wowalipirira loya, woyeza malo ndi ndalama zosamalira bwalo zaka zoyambirira, kuti akathe kulemba pempholo n'kulipambana.