Dzina la kampani ya inshuwaransi si la eni kampani okha

Ndakwiya kwambiri ndi zimene zachitikira mayi wina wachikulire wa mumpingo mwathu ku Mbare, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe. Mayiwa akhala akulipira inshuwaransi ya maliro mwezi ndi mwezi, akukhulupirira kuti ndalama zawo zikupita ku kampani yakale imene aliyense amaidziwa. Amuna awo atamwalira anapita ku ofesi ndi chikalata m'manja, koma anawabweza chifukwa chikalatacho chinali cha kampani ina, imene dzina lake limasiyana ndi la yakaleyo pa liwu limodzi lokha.

Makampani akamakokerana kukhoti chifukwa cha mayina ofanana, maloya amalankhula ngati kuti dzinalo ndi katundu wa eni kampani basi. Ine ndikukana. Wogula inshuwaransi sabwerera kunyumba ndi chinthu chogwirika, amagula lonjezo lakuti tsiku la tsoka adzathandizidwa, ndipo lonjezolo amalikhulupirira chifukwa cha dzina limene walimva. Choncho amene watengera dzina la mnzake sanalakwire mnzakeyo yekha ayi, wanamiza namfedwa, wapusitsa gogo wosadziwa kuwerenga, wadyera chikhulupiriro chimene sanachigwirire ntchito. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo dzina lobwereka ndi mkuyu womwewo.

Ena akuti vuto ndi lakuti kulembetsa dzina la kampani ndi kulembetsa chizindikiro cha malonda ndi njira ziwiri zosiyana. Kaya ndi choncho, wamasiye sizikumukhudza. Lamulo loteteza zizindikiro za malonda la Trade Marks Act lilipo, likulu la ARIPO, bungwe limene limalembetsa zizindikiro za malonda za mayiko angapo a mu Africa motsatira Banjul Protocol ya 1993, lili mu Harare muno, ndipo bungwe la boma la IPEC ndilo limayang'anira makampani a inshuwaransi. Pempho langa ndi lakuti dzina losokoneza anthu lizikanidwa pachiyambi pomwe, kampani isanatolere ngakhale dola imodzi, chifukwa mlandu ukamadzatha kukhoti maliro amakhala ataikidwa kale ndi ndalama za ngongole.

China chondipweteka ndi zikalatazo. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amavomereza Chichewa pakati pa zilankhulo 16, koma zikalata za inshuwaransi zimene ine ndaziona ndi za Chingelezi chokhachokha cha timalemba ting'onoting'ono, ndipo ogulitsa ambiri amangoloza pamene munthu asayine.