Inde ndine bambo, inde ndimasoka pamanja

Dzulo mnzanga wina anandipeza pakhonde kuno ku Matawale ndili ndi singano m'manja, tizidutswa ta chitenje tili mbwee pamkeka. Anaima kaye pageti kundiyang'ana ngati waona mzukwa, kenako akuti "aise zikuyenda koma? Ukadwala uzinena msanga, mwayi wake mental tili nayo konkuno ku Zomba sitivutika ndi thiransipoti." Tinaseka, ndinamupatsa mpando, tinamwa tiyi. Koma atapita nkhaniyi inandikhalabe pamtima ndiye lero ndati ndilankhuleko.

Chondidabwitsa ine ndi ichi. Pitani mumsika waukulu m'tauni muja, pitani pa Chinamwali kapena pa Mpondabwino, matelala amene akhala m'makonde a masitolo akupalasa ma Singer awo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa ambiri ndi azibambo, ndipo palibe amawaseka, timawapatsa ulemu nkumawanyengerera kuti atimalizire yunifolomu ya mwana sukulu isanatsegulire. Koma bambo yemweyo angotenga singano popanda makina, popanda womulipira, basi mutu wasokonekera. Ndiye kuti chomwe anthu akuseka si kusokako ayi. Akuseka kuona munthu wamkulu akuchita chinthu mosathamanga komanso chosabweretsa ndalama. Ife masiku ano chilichonse chikhale geni, ukangokhala phee anthu akufunsa kuti wadwala.

Ine sindinayambe dala. Mayi anga atatisiya, pogawana katundu alongo anga anatenga zitenje zabwinozabwino, ndipo nzoyenera, ine ndikanapita nazo kuti. Pansi pa sutikesi panatsala zakutha, zosuluka, china chobooka pakona pomwe chinapsa ndi khala la pambaula, china chija ankaberekera adzukulu onse mpaka pakati pake panapyapyala ngati sefa. Zimenezi zimati zikakhale zokolopera. Ndinangoziunjika mu jumbo nkubwera nazo, madamu anandifunsa kuti "bambo nsanzazi nzantchito yanji" ndipo ndinalibe yankho.

Miyezi imeneyo tulo tinandithawa. 2 koloko usiku ndili maso gwa, foni kumaso, Facebook kenako TikTok kenako kubwereranso Facebook, bandulo kutha, m'mutu muli fizi, lendi, kangongole kena komwe ndinatenga pamaliro paja, komanso mawu omwe sindinawauze mayi ali moyo. Kuchipatala anandiuza kuti BP yakwera. Usiku wina mu June, kuzizira kuja kotsika m'phiri kofika m'mafupa, magetsi anazima foni nayo ili yothima, ndinayatsa kandulo kuti ndisoke thumba la buluku lomwe limagwetsa makiyi. Singano ndinaipeza m'chitini cha mabisiketi cha madamu (nyumba iliyonse ili nacho chitini chimenechi, mabisiketi simudzawapezamo). Nditamaliza thumba lija manja sanafune kusiya, ndinakoka jumbo ija, kudula tizidutswa tiwiri nkutilumikiza. Kenako kachitatu. Pomwe ndimadzutsa mutu kandulo yatsala kachidutswa, ndipo kwa nthawi yoyamba pa miyezi ingapo ndinali nditatha ola lathunthu osawerengera ngongole m'mutu.

Kachitidwe kake nkosavuta mpaka nkochititsa manyazi kufotokoza. Ndimadula nsalu kukula ngati bokosi la machesi, zina ngati chikhatho, kupinda m'mbali pang'ono nkukanda ndi chikhadabo kuti mzere ugone. Ulusi ndimayeza kuchoka kunsonga ya chala kufika pachigongono, ukautalikitsa chifukwa cha ulesi wotunga kawirikawiri umapotana nkumanga mfundo ndipo uyamba kutukwana, zomwe si cholinga. Kunyowetsa nsonga ndi malovu, kulowetsa pakabowo, kenako singano kulowa kutuluka, kulowa kutuluka, msoko uliwonse utali wa njere ya mpunga. Pakapita mphindi zingapo mpweya umayamba kutsatira dzanja wokha osauuza.

Koma chomwe chinandigwira mtima kwenikweni nchakuti nsalu siinama. Tsiku lomwe ndakangana ndi abwana kuntchito ndimafika kunyumba ndikunena kuti ndili bwinobwino, madamu nkukhulupirira, ine mwini nkukhulupirira, koma ndikasoka mzere umodzi wokha nsalu yachita makwinya ngati chipumi cha nkhalamba chifukwa ndakoka ulusi mwaukali. Ndiye umasula, kusalaza ndi chala chachikulu, kuyambiranso mofatsa. Maganizo akathawira ku lendi singano imakubaya pachala, tsoo, wabwerera pomwepo. Palibe mlaliki amene anandibwezapo msanga chonchi. Anzathu achikatolika ali ndi kolona, achisilamu ali ndi tasbih, zala zikuyenda pamikanda mtima nkumakhazikika, ine ndimaona ngati thupi la munthu linapangidwa choncho, kuti manja akapeza kantchito kobwerezabwereza mutu umasiya kuthamanga. Ena amati kusinkhasinkha ndi kukhala chete maso otseka osaganiza kanthu, ine ndinayesa, mphindi ziwiri zokha ndinali nditafika kale ku Songani kukatsutsana mtengo wa mbatata.

Mwana wanga wamkulu amene ali pa Chanco ndi amene anandionetsa pa intaneti kuti kunjaku zinthuzi zili ndi maina. Ku Japan kuli boro, zovala ndi zofunda za alimi osauka a kumpoto kozizira komwe thonje silimera, ankagamba chigamba pamwamba pa chigamba mibadwomibadwo, ndipo msoko wawo wa ulusi woyera pansalu yabuluu amautcha sashiko. Ku Bangladesh ndi ku West Bengal amayi amasanjikiza ma sari akutha nkuwasoka pamodzi, amati kantha. Ku Gee's Bend m'chigawo cha Alabama ku America amayi achikuda, zidzukulu za akapolo, ankasoka zofunda kuchokera ku zovala zakumunda zong'ambika, mu 2002 zofunda zawozo zinakaonetsedwa m'nyumba zazikulu za zaluso ku Houston ndi ku New York, pofika 2006 zinali pa masitampa a dzikolo. Ndipo kwa inu amene mukuti singano ndi ya azimayi, mukamadutsa pachipilala chija chokumbukira asilikali a KAR (King's African Rifles, asilikali a nthawi ya atsamunda) pafupi ndi Cobbe Barracks mudziwe kuti pankhondo yomweyo ya 1914 mpaka 1918 asilikali ovulala m'zipatala za ku Britain ankapatsidwa singano ndi ulusi kuti manja ndi mitima zikhazikike, nsalu ina ya paguwa yomwe anapeta inakafika mu St Paul's Cathedral ku London. Amuna oti aona mabomba.

Apa pali pomwe ndimasiyana nawo pang'ono a pa intanetiwo. Amakamba ngati atulukira chinthu chatsopano, ena mpaka kugulitsa timapaketi ta zidutswa zodulidwa kale pa madola. Agogo athu ankachita zimenezi pansi pa mtengo wa mango, ndipo tisanamizane, sankafuna mtendere wamumtima, ankafuna kabudula wa mwana afike chaka chamawa. Chigamba chinali chizindikiro cha umphawi, ine ndinasekedwapo ku pulayimale chifukwa cha zigamba ziwiri zosiyana mitundu kumatako, ndiye sindingabwere pano kudzakometsera usiwa. Kaunjika atachuluka tonse tinataya singano mosangalala. Kungoti potaya zigambazo tinatayira limodzi kukhala pansi kuja, ola lija lomwe munthu umakhala ndi chinthu chimodzi chokha m'manja. Akuluakulu ankati kuona maso a nkhono nkudekha, ife tinasinthanitsa kudekhako ndi bandulo.

Ndisanamizenso munthu, singano si mankhwala. Mapilisi anga a BP ndikumwabe m'mawa uliwonse, ndipo ngati mtima walemera mpaka ukuganiza zoipa, pita kuchipatala ukalankhule ndi madokotala, ku mental komwe timasekako kuli anthu ophunzira ntchito imeneyi ndipo kupitako si manyazi.

Panopa nsalu ija yakula ngati theka la chitseko, yokhota mbali imodzi, misoko ya miyezi yoyamba ikuluikulu ngati mano a fisi. Zitenje za mayi zinatha ndiye ndimakapempha zidutswa kwa telala wina m'tauni, amandisungira mu jumbo pansi pa makina. Sabata yatha ndinapita nayo kukamuonetsa, anaitembenuza uku ndi uku, kuyang'ana kumbuyo kwake, akuti "achimwene mukuzunzikiranji, isiyeni pano mupite mukagule matemba, pobwera mupeza ndamaliza yonse." Ndinamuuza kuti zikomo koma ayi, angondisungirako zabuluu chifukwa zofiira zachuluka.

Madzulo ake kamtsikana kanga kotsiriza kanakhala pamkeka nkumaloza chidutswa chimodzichimodzi, kanafika pa chija chopsa pakona, kakuti "adadi ichi ndi cha agogo, ankavala pophika futali." Kenako kanapempha singano. Ndinakapatsa yaikulu ija yosabaya kwambiri, mpaka pano kakulimbana ndi kulowetsa ulusi ndipo kakukana kuti ndikathandize.